Zotsala za Lachisanu

Loweruka m'mamawa, Grimsby akadali m'tulo,
ndimaima kuseri kwa sitolo ya a Stavros
komwe mbalame zoyera zimalimbirana mapepala a tchipisi.
Zigubu zinayi, mwina zisanu.
Mafuta atopa. Akazinga nsomba mlungu wonse,
ada ngati tiyi woiwalika pamoto,
ndipo a Stavros amandithokoza powachotsa,
pamene woyenera kuthokoza ndine.

Kwa Tomasz, mwini butchala, ndimatenga mafuta a ng'ombe,
oyera, olimba ngati kandulo.
Salankhula. Amangoloza ndowa ndi mpeni.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi a Derek Ashworth
m'galaja lawo lonunkha dzimbiri ndi galu wonyowa.
Sefa kaye, amatero, sefa kawiri.
Pansalu pamatsala nyenyeswa zopserera,
minga ya nsomba, tsiku lina ndolo
yomwe mwini wake sanapezeke mpaka lero.
Kenako tenthetsa, madzi athawe,
pakuti dontho lobisala limasandutsa zonse sopo.

Tsiku loyamba atatsegula chitini cha soda wootcha,
magolovesi m'manja, magalasi kumaso,
anafotokoza mpaka tiyi anazizira.
Ine ndinangoseka. Ichi ndi chidulo, ndinatero,
chidulo chopita kusukulu.
Sanamve, ndipo sindinamasulire.

Soda mu methanolo, methanolo m'mafuta ofunda,
pampu ilira ola lathunthu,
kenako zii.
Apa manja alibe ntchito.
Umangodikira zolemera zivomereze kulemera kwake.
Kukacha, gilisalini wagona pansi, wakuda bii,
pamwamba payandama chinthu chowala ngati uchi wosungunuka.
Timachitsuka ndi madzi katatu ngati khanda,
mpaka ndiwerenge nyuzipepala kudzera m'botolo.

Januwale wathayu ndinachita dyera,
ndinachulutsa za kwa Tomasz.
Chisanu chitagwa, mafuta anakumbukira kuti ndi ng'ombe,
anagona m'mapaipi, osadzuka.
Vani inafera pamsewu wa ku Cleethorpes,
mphepo ya ku Humber ikundimeta makutu.
A Derek anabwera ndi ketulo ya madzi otentha,
osanena kanthu,
ndipo bola akanandikalipira.

Mphwanga Malizani amaimba foni usiku
ali pamzere wa mafuta ku Biwi,
tsiku lachitatu akugona m'minibasi yake,
chigubu atachimangirira kumwendo kuopa akuba.
Achimwene, dizilo kumeneko mukugula bwanji?
Ndinamuuza zoona.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Kuno mafuta a pachiwaya sapuma pantchito, anati,
amangoda, amangoda,
mpaka tawamaliza ndife, ndi kabichi ndi tsabola.
Mungatole chiyani?
Ndinasekanso, foni itatentha khutu,
ndikuyang'ana malita mazana awiri ali phee pakona
omwe sindingawaike mu envulopu.

Masiku ano manja a Derek amanjenjemera,
sangathenso kuwerenga madontho.
Amakhala pampando wa pulasitiki pafupi ndi chitseko,
bulangete pamaondo,
nkumandiuza zomwe ndikuchita kale.
Kiyi wa galaja anandipatsa mu Meyi,
womangirira ku kachingwe ka buluu,
akuti ndingowasungira.

Gilisalini sititaya yense.
Mkazi wanga Zione anayesa kupanga sopo,
anatuluka wabulauni, wonunkhira nsomba patalipatali,
timasambira m'manja m'galaja mokha.

Ndikaliza injini, utsi sununkha dizilo.
Ana oyembekeza basi pa Freeman Street amatukula mphuno,
kufunafuna amene akukazinga nthawi ino.
Dzulo galu wina anandithamangira mpaka pa maloboti,
lilime panja, chikhulupiriro chonse,
ndipo nyali itafiira tinayang'anana,
iye ndi njala yake,
ine ndi zigubu zanga zopanda kanthu
zikugundana kumbuyo.